Galimoto Yokana Kufa

Galimoto yathu yoyamba kuno ku Mangalande inali ya ku Japan, yotuwa, yakale ndithu, ndipo anasankha ndi amuna anga. Posankhapo sankaganiza za misewu ya ku Oldbury kumene tinkakhala. Ankaganiza za msewu wafumbi wochoka pa Mponela kulowera kwawo.

Amalawi ambiri kuno timagula galimoto motero. Munthu amagwada pamalo ogulitsira ku Birmingham, mvula ikuwaza, n'kumasuzumira kunsi kuti aone ngati ingadutse m'makwawa a ku Dowa osakhula mimba. Galimoto ikakalamba kuno sitiitaya. Imakwera sitima, n'kukatsikira ku Dar es Salaam, mlamu wina n'kupita kukaitenga. Ndiye iyenera kukhala ya ku Japan basi, poti masipeya ake kumudzi amapezeka paliponse, ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa mkati ndi kunja. Kutchalitchi kwathu azibambo safunsana kuti mubwerera liti. Amangoona chimene mnzawo waimika panja.

Tinabwera kuno chifukwa cha ntchito yanga ya unamwino. Kumudzi amuna anga anali alangizi a zaulimi, oyenda pa njinga yamoto, opatsidwa mpando paliponse pamene afika. Kuno ankanyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu. Sanali odandaula. Ankangoti tabwera kudzatola, tikatola tizipita.

Kenako ndinapeza ntchito pachipatala chachikulu cha ku Walsgrave, ku Coventry, komwe ndi kamtunda ndithu kuchokera kunyumba. Galimoto yotuwa ija inayamba kuonetsa ukalamba wake. Kukazizira inkakana kulira, amuna anga n'kumaikankha atavala jekete pamwamba pa zovala zogonera. Tsiku lina inandizimira pamsewu waukulu, malole akundiwomba mphepo, ine nditavala yunifolomu. Nditachedwa kangapo, mkulu wa wodi yathu anandiitanira mu ofesi. Analankhula mwaulemu wa kuno, uja womwetulira koma mawu ali ndi minga.

Tsiku langa lopuma ndinapita ndekha kogulitsa magalimoto, osauza munthu. Ndinabwerako ndi kagalimoto kofiira ka ku Korea, kongoyenda pang'ono, kokhala ndi waranti ya zaka zingapo kutsogolo. Za mbiri yake sindinafunse. Ndinkangofuna chinthu choti ndikapotokola kiyi m'mawa chilire.

Amuna anga anatuluka atavala masilipasi, n'kuizungulira manja ali kumbuyo, ngati akuyendera munda wa mlimi waulesi.

“Mayi, iyi ndi ya ku Korea.”

“Ndikudziwa, bambo.”

“Iyi singapite kumudzi. Ma spare mukawapeza kuti?”

“Ine ndikufuna yondifikitsa ku shift.”

Iwo magalimoto a ku Korea ankawadziwa kuyambira kale, kapena ankaganiza kuti akuwadziwa. Ali mnyamata, akuluakulu ena a mu ofesi anagula oterewa chifukwa anali otsika mtengo, owala bwino. Sipanapite nthawi, ina inali pamiyala kuseri kwa nyumba ya bwana wawo, nkhuku zikuikiramo mazira, poti kachitsulo kamodzi kanasowa dziko lonse. Nkhani ya nkhukuyi anandiuzanso tsiku limenelo, n'kumaliza ndi kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Titadya chakudya chamadzulo, ana atapita kuchipinda kwawo, amuna anga ananena chimene chinkawapweteka.

“Ndiye mwaganiza zokhazikika kuno.”

Ndinakana. Ndinati ana akadali aang'ono kusukulu, nyumba imene tinkamanga ku Mponela sinafike n'pazenera pomwe.

“Chabwino,” anatero. “Tipangane. Galimoto yanuyi ikafa, sitigulanso ina kuno. Tikunyamuka.”

Ndinavomera msangamsanga. Ndinali wotopa, komanso kunena zoona nanenso ndinkakhulupirira za nkhuku zija. Tonse awiri tinkaona ngati tapangana za zaka zitatu kapena zinayi. Iwo anagona mokondwa usiku umenewo, ngati munthu amene tikiti ili kale m'thumba.

Lamulungu lotsatira kutchalitchi ndinali ndiwo. Mkulu wina wa mpingo wathu, wa ku Zambia, anagogoda boneti ndi chala.

“Amai, mwagula motoka ya ma Korean? Izi ni ma disposable, monga ma plate ya pa party.”

Azibambo anaseka, amuna anga nawo anaseka. Aka kanali koyamba kuwaona akuseka ndi mano onse chibwerereni kuno.

Koma galimoto ija sinafe. Inkalira m'chisanu, inkalira mumvula, inkalira ngakhale galasi lonse litaundana moti ndinkachita kulipala ndi khadi. Waranti inatha, iyo ikuyendabe. Kuno galimoto imakayezedwa chaka chilichonse kuti aone ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo amuna anga ankapita nayo okha kugalaja ina kufupi ndi ku Longbridge. Ankanyamuka akuimba kanyimbo ka kwaya. Pobwera ankaika kiyi patebulo n'kunena kuti, “Yakhoza,” ndi nkhope ya munthu wochokera kumaliro.

Chimene chimandidabwitsa mpaka lero n'chakuti ankaisamala. Akanatha kungoisiya osasintha oyilo, n'kutha yokha, ine osadziwa kanthu. Koma si mmene analili. Munthu amene ankakalipira alimi chifukwa chosiya khasu pamvula sakanatha kuona makina akuvutika. Loweruka lililonse ankayeza oyilo, kupopa matayala, ndipo nyengo yozizira ankagona pakatoni n'kumatsuka kunsi ndi paipi, kuchotsa mchere umene amathira m'misewu kuno. Ankatuluka kunsiko manja atachita dzanzi, akuitukwana pang'onopang'ono.

Chaka china ndinawaperekeza kugalajako. Mwiniwake anali mzungu wokalamba amene unyamata wake wonse anagwira ntchito pafakitale ya magalimoto ya ku Longbridge isanatsekedwe. Amuna anga anamufunsa, mwachizungu chawo chaulemu, kuti kodi galimoto ngati imeneyi imatha liti. Mkuluyo anaseka. Anati kale anthu a ku Korea ankaphunzira kupanga magalimoto kwa ena, ndipo akatswiri ena ochokera konkuno anapita kukawathandiza poyamba. Anati magalimoto awo oyamba ankasekedwa, iyenso ankawaseka nawo. Koma eni ake sanakwiye ndi kusekedwako, anangobwerera kukakonza zolakwika, n'kuyamba kupereka waranti yaitali kuti anthu asiye mantha. Analoza ndi sipanala kumene kunali fakitale, komwe tsopano kuli masitolo ndi nyumba zogona, n'kunena kuti iwo akupangabe magalimoto, ife tikugulitsa khofi. Pomaliza anawasisita amuna anga paphewa, kuwauza kuti ali ndi mwayi, galimotoyi adzakalamba nayo.

Zaka zinkapita. Panja pa tchalitchi panayamba kudzaza magalimoto a ku Korea. Mkulu wa ku Zambia uja anagula yaikulu, yakuda, n'kumauza aliyense kuti iye anadziwa kale kuti ndi zolimba. Yotuwa yathu ija tinali titaitumiza kumudzi, mlamu anaiyendetsa ngati takisi mpaka inatheratu. Nyumba ya ku Mponela inafoleredwa, inapakidwa penti, ili ndi galaja yopanda kanthu. Ana anakula, ukawalankhula Chichewa n'kumayankha Chizungu. Wamkazi anaphunzirira kuyendetsa pagalimoto yofiira yomweyo, bambo ake atakhala pambali. Apongozi anga aakazi anamwalira, ndipo galimoto yomweyo ndi imene inawafikitsa amuna anga kubwalo la ndege, n'kukawatenganso atabwerako. Anabwera ataonda, osafuna kukamba zambiri.

Za pangano lija sitinkazitchula. Ine ndinali nditazolowera. Sindinganene kuti ndinkakukonda kuno, kapena kuti ndinkadana nako. Ndinkadzuka, kuliza galimoto, kusamalira odwala, kubwerera, kugona. Ndikamva injini yalira m'mawa sindinkasangalala ndipo sindinkadandaula. Ndinkangodikira kuti galasi liyere.

Tsiku lina Loweruka amuna anga analowa m'khitchini akupukuta manja ndi kansanza, imvi zitayamba kale kuoneka m'ndevu.

“Mayi, ine ndatopa kudikira galimoto.”

Ndinali ndikusenda mbatata. Sindinasiye.

“Msana wanga watha ndi ma box. Nyumba ija ikungogonamo mileme. Ine nditsogole.”

“Nanga mwana ali ku university?”

“N'chifukwa chake sindikuti tiyeni. Inu tsalani mumalizitse. Mawu aja akadalipo. Ikafa, mubwere.”

Sitinakangane. Anthu a kutchalitchi ankafuna kumva kuti kunali phokoso, koma kunalibe. Ndinawathandiza kulongedza, ndinawagulira mankhwala a msana okwanira miyezi ingapo, ndinawaperekeza kubwalo la ndege. Potsika anandikumbutsa kuti tayala lakumbuyo limachepa mpweya. Ndinabwerera kunyumba, ndinachapa yunifolomu, poti m'mawa mwake ndinali pantchito. Ndinadikira kuti ndilire, koma misozi sinabwere, ndiye ndinasita zovala.

Kuyambira pamenepo ukwati wathu unali wa pafoni, Lamulungu masana ndikaweruka kutchalitchi. Poyamba tinkacheza mpaka foni kutentha. Ankandiuza za mbuzi, za mtengo wa feteleza, za chitsime chimene ankakumbitsa, ndipo pomaliza sankalephera kufunsa kuti, “Nanga yofiira ija?” Ine ndinkati ikuyenda. Ankaseka, n'kunena kuti mfiti imeneyo. Funso limeneli ndi limene linkandiuza kuti malo anga kumeneko akadalipo.

Pang'ono ndi pang'ono macheza anafupika. Funso lija linayamba kudumpha masabata, kenako linasiya. Nthawi zina ndinkamva mbale zikugundana chapafupi, ndi mawu a munthu wamkazi akuthamangitsa nkhuku pakhonde. Sindinafunse kuti akuwaphikira ndani. Mayi wina wa kutchalitchi atabwerako kumudzi kutchuthi anandipatsa moni wautali kwambiri, akundigwira dzanja ndi manja awiri, osandiyang'ana kumaso. Ndinamuthokoza chifukwa cha ufa ndi chambiko chimene ananditengera.

Ana anachoka pakhomo, wina ku Manchester, wina ku London. Ndinatsala ndi galimoto. Kugalaja ndinkapita nayo ndekha, oyilo ankasintha konko, koma zogona pakatoni n'kutsuka kunsi panalibe wochita. Ine sindinaganizeko n'komwe.

Chaka chathachi, mvula ya mwezi wa Novembala ili mkati, ndinapita nayo kukayezetsa. Mzungu wokalamba uja anali atapuma, galaja akuyendetsa mwana wake. Anaikweza m'mwamba, n'kundiitana kuti ndidzaone ndekha. Anabaya chitsulo cha kunsi ndi sikuludiraiva, n'kulowa ngati akubaya papaya lakupsa. Dzimbiri linali litadya ponseponse. Anati injini ilibe vuto, ikhoza kuyenda zaka zina zambiri, koma thupi latha, ndipo kuwotcherera kungadye ndalama zoposa galimoto yeniyeniyo. Anapepesa ngati wandiuza za imfa ya mbale wanga.

Ndinachotsamo ambulera, Baibulo, nsapato zantchito ndi kapampu ka matayala, n'kukakwera basi. M'basimo ndinayamba kuganiza zinthu zazing'ono: masutikesi ali pamwamba pa wadiropu, amene ndingamusiyire firiji, mmene ndingakauzire mkulu wa wodi. Ndinazindikira kuti ndikufuna kupita. Zaka zonsezi ndinkaona ngati wodikira ndi iwo okha.

Sindinadikire Lamulungu. Ndinawaimbira foni nditangolowa m'nyumba, jekete ndisanavule. Inaitana nthawi yaitali.

“Mayi, kwagwanji pakati pa sabata?”

“Bambo, galimoto ija yafa.”

Ndinkamva wailesi chapatali, ndi mwana wakhanda akulira m'nyumbamo, wina akumutonthoza.

“Yafa bwanji?”

“Dzimbiri kunsi. Akuti ndi ya scrap.”

“Mchere umenewo,” anatero. “Simunkatsuka.”

“Sindinkatsuka.”

Anapumira m'mwamba. Ndinadikira, nditaimirira pakati pa khitchini, madzi a ambulera akudontha pansi.

“Yagwira ntchito,” anatero pomaliza, mofatsa, ndi mawu aja ankalangizira alimi. “Mugule ina ya mtundu womwewo, mayi. Musapusitsidwe ndi zina. Zija ndi zolimba.”

Ndinati chabwino. Anafunsa za ana, ndinati ali bwino. Ndinafunsa za mvula, anati yayamba bwino chaka chino, abzala kale. Kenako anati mayunitsi anga asathere pa iwo, ndipo tinatsanzikana mwaulemu.

Ndinavula jekete, ndinakolopa madzi aja, ndinaimbira mnzanga wa ku wodi kuti adzanditenge m'mawa. Loweruka ndinapita kogulitsa magalimoto ku Birmingham. Sindinagwade kusuzumira kunsi. Ndinaloza ya ku Korea yoyera imene inali pafupi ndi khomo. Wogulitsa anayamba kundifotokozera za waranti, akumwetulira, kuti imeneyi ndikhala nayo zaka zambirimbiri osandivutitsa. Ndinamuuza kuti ndikudziwa, andionetse posaina.