Mayeso a Mayi Moyna

Mango akayamba kupsa kuno ku Rajshahi, thukuta silisiya kanthu pankhope. Nyengo imeneyo ndi imene Mayi Moyna ankakonda kuphunzitsa kudziphoda, padenga la nyumba yathu. Ahijira, ife obadwa ndi thupi lachimuna koma okhala ngati akazi, tinalimo asanu ndi awiri, tonse ana awo ngakhale sanatibale.

Chinsinsi chawo chinali lipisitiki ya olenji. Ukameta ndevu, pachibwano pamatsala kamdima kamene phaudala yekha sakabisa. Iwo ankayamba apakapo olenjiyo pang'ono, phaudala pambuyo.

Chaka china kunabwera Tuli, wakumudzi ngati ine. Mlongo wake ankakwatiwa. Mayi ake anatumiza mawu kuti abwere, koma bambo ake anali atalumbira kuti akadzangomuona adzamubweza pakhomo. Tuli anakagula phaudala kwa Khalek, wasitolo amene sankatilola ife kuyesa kanthu padzanja. Anamupatsa woyera mbuu.

"Iwe mwana," anatero Mayi Moyna, "ukupita ku ukwati kapena kukaopseza mbalame m'munda wa mpunga?"

Anamuphunzitsa masabata awiri, kenako mayeso. Anamuimika pamphika wowira. Anamudyetsa bango lakupsa lathunthu. Phaudala sanachoke pankhope.

"Tsopano pita kwa Khalek. Akakulola kuyesa lipisitiki, wakhoza."

Khalek anamukokera mpando. "Khalani apa, achemwali. Tayesaninso iyi, ikukhalani." Ali pa yachisanu, Mayi Moyna analowa n'kuomba m'manja, kaombedwe kathu kaja kotambasula zala.

"Bambo Khalek, mwandisamalira mwana! Mawa ndibweretsa enawo."

Khalek anangoti kukamwa yasa. Kuyambira tsikulo timayesa.

Ukwati unachitika mvula yoyamba itagwa, nthaka ikununkhira. Tuli analowa pakati pa azimayi ochokera kuchimuna n'kukhala pamzere wawo. Bambo ake ndi amene ankagawa nsomba. Atafika pa iye anaima, namuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anafufuza mumphika n'kumuikira mutu wa nsomba, womwe ankaulirira ali mwana. Anangopitirira kwa wotsatira.

Tuli anatiuza zimenezi padenga paja, misozi ili mbwee.

"Ndiye kuti mkuluyo anakuzindikira?" anafunsa Mayi Moyna. "Wandichititsa manyazi. Wanga wophunzira sazindikirika."

Anamugwira chibwano, n'kumupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yawo ya sari.

"Basi, leka kulira. Ukuwononga ntchito yanga."