Malata Osakhoma

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Benedikito, m'makutu mwanga mumalira malata. Ndimamva kugogoda kuja kwa denga lathu mphepo ya mu Juni ikamatsika phiri, nkhungu itakuta minda ya mbatatesi mpaka khola la nkhumba osaoneka, ife titaunjikana m'khitchini ya udzu, utsi wa zitsononkho ukutitulutsa misozi. Nyumba yathu inali m'gulu la zoyamba kufoleredwa ndi malata m'mudzi mwathu, chakufupi ndi Kasina, koma inali yokhayo imene denga lake linalibe msomali ndi umodzi womwe. Malatawo agogo anangowayala pa mapaso, n'kuwakola m'mbali ndi waya, pamwamba n'kusanjika miyala, zipika za bulugamu ndi tayala lakutha la ngolo. Mlendo akamadutsa ankayesa tayanika zinthu padenga.

Agogo sankakhulupirira munthu. Wogula mbatatesi akabwera ndi sikelo yake, iwo ankayamba aitembenuza kuti aone kunsi kwake. Mnansi akawapatsa moni wautali, ankatsala akudzifunsa kuti ameneyu akufuna chiyani. Ine ankanditcha mkazi wawo wamng'ono, monga amachitira agogo ndi mdzukulu, koma mkazi yemweyo akabwera kuchigayo ankamulandira thumba n'kulipepesa m'manja, maso ali pa ine. Ndinkawakonda, koma kunena zoona ankatopetsa.

Malatawo anawagula pang'onopang'ono, chaka chino limodzi, chaka chamawa awiri, malinga ndi mmene mbatatesi zayendera. Tsiku lina ananditenga ku Linthipe kuti ndikawagwirizire njinga pobwerera. M'sitolo ya a Yusufu, bambo wofatsa wa ndevu zoyera, munali mutangofika malata apenti, ofiira ndi abuluu, ndipo aliyense wolowa ankayamba wawasisita. Ine mtima unapita pa abuluu. Agogo anangowayang'ana cham'mbali n'kunena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: penti imabisa kupyapyala, ndipo ikakalika pamodzi dzimbiri limalowera pomwepo n'kumadya chamkati mwini wake akunyadira mtundu. Ankafuna oyera wamba, ochindikala, a geji 28. A Yusufu atawaonetsa chidindo cha gejiyo, agogo anati chidindo amadinda ndi munthu. Lata lapamwamba analikana, eti ndi nyambo. Anasolola lapakati pa mulu, kuligogoda ndi nkhonya khutu lili tcheru, kulitsindika msana ndi chala chachikulu kuti aone ngati lifwamphuka, kulinyamula kuti amve kulemera, kenako kulipendeketsa padzuwa kufunafuna timadontho toyera tosonyeza kuti linagonera chinyezi. Anachita zimenezi mpaka nthawi ya swala inakwana, a Yusufu akungoyang'ana kumzikiti. Pomaliza mwini sitolo anawatapira misomali ya zipewa kuti ikhale basela, koma agogo anaibweza ngati awapatsa makala amoto.

Amene anandimasulira nkhaniyi ndi mayi anga. Ukwati wawo unatha ine ndili wakhanda, choncho tonse awiri tinkakhala m'nyumba ya agogo momwemo. Anandiuza kuti agogo kwawo ndi ku Kaphuka, kuno anabwera chikamwini. Malo amene panali nyumba anali a mbumba ya agogo aakazi, a Nachisale, ndipo mwini mbumba anali mlongo wawo, a Sitefano. Agogo ali mnyamata anaona amalume awo akubwerera kumudzi ndi mkeka ndi nkhwangwa basi, mkazi atamwalira, nyumba imene anaumba ndi manja awo itatsalira eni nthaka. Kuyambira pamenepo anatsimikiza kuti lata ukaliboola lasanduka la mwini malo, koma losaboola ndi katundu, tsiku lililonse ukhoza kulitsitsa n'kulikweza pa ngolo.

Ndinali ndi zaka ngati khumi, koma ndinamvetsa msanga. Tinkagona pansi pa denga lodikira ulendo. Ndipo agogo aakazi anali ndi chifuwa chosatha, chimene chinkakula chaka chilichonse kukazizira. Akayamba kutsokomola m'mawa uku akusesa pabwalo, ine ndinkawamvera chisoni, koma, Mulungu andikhululukire, maso anga ankathamangiranso kudenga.

A Nachisale anali munthu wosachulutsa mawu. Miyala ija inkawachititsa manyazi, pakuti mudzi wonse unkadziwa tanthauzo lake, ndipo amayi a kumphakati akabwera kudzapemphera kwathu ankayamba ayang'ana m'mwamba asanakhale pamkeka. Masana ena mu Novembala, mvula yoyamba inabwera ndi chimphepo. Tinamva mwala ukugubuduka, kenako kuwala kunalowa m'chipinda, madzi n'kuyamba kukhuthukira pa bulangeti la agogo aakazi. Lata limodzi linauluka mpaka kukagwera m'dimba la a Sitefano. Mvula itakata, a Sitefano analisenza pamutu n'kudzalitula pakhomo pathu anthu akuona.

"Alamu, katundu wanu watsogola kale ulendo," anatero. "Ndati ndikubwezereni, mungadzati ndinaba."

Anthu anaseka. Agogo sanaseke: analitembenuza lata lija mbali zonse kuona ngati ndi lawo lomwe lija, n'kulikweza padenga, n'kuwonjezera miyala. Agogo aakazi, akukamula bulangeti lawo, analankhula osawayang'ana.

"Abambo, ndakuberekerani ana, ena tinaika limodzi kumanda kuno. Mpaka lero mukadali pa siteji kudikira basi?"

Agogo anayankha kuti iwo alibe naye mlandu mkazi wawo, koma amadziwa mitima ya anthu. Ine tsiku limenelo ndinawada.

A Nachisale anamwalira m'nyengo yozizira yotsatira. Maliro atatha, anthu atameta, patapita miyezi ingapo linafika tsiku losudzula, pamene abale a malemu amamasula wotsalayo kuti akhale mfulu. Tinakhala pabwalo, amuna pa mipando, ife pansi. Ndikukhulupirira mpaka lero kuti agogo akanakhala munthu wina, akanawauza kuti mupitenso kuti, mwakalambira pano, khalani ndi adzukulu anu. Koma a Sitefano anali atayang'ana miyala ija zaka zambiri, ndipo inali itawakwana. Ananena mwaulemu wozizira kuti alamu atumikira bwino, njira ya ku Kaphuka ndi yotsegula, ndipo poti katundu wawo anamusunga wosakhoma, palibe amene adzawaletse kumutsitsa. Agogo anangogwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa zimene ankadziwa kale. Mayi anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka kupweteka.

M'mawa mwake tinapeza njinga palibe. Mayi anati apita kukafuna ngolo, ndipo tinayamba kutulutsa ziwiya ndi matumba a chimanga kupititsa ku khitchini, tikuwerengera kuti udzu wofolerera tikaupempha kwa yani nyengo yomweta itapita kale. Dzuwa lili pamutu agogo anatulukira, fumbi la ku Linthipe lili m'miyendo, opanda ngolo. Anaimika makwerero, anakwera, n'kuyamba kugwetsa miyala umodziumodzi. Pansi pa mwala uliwonse panali banga la dzimbiri, pamene chinyezi chinkabisala. Ife tinaima poteropo kudikira kuti lata loyamba litsike.

Kenako tinamva hamala.

Anakhoma tsiku lonse, nkhalamba ya mawondo olira, msomali uliwonse pamsana pa lata, osati m'ngalande moyenda madzi, akuuyang'anitsitsa kaye ngati chipewa chake n'cholimba. Anthu anatuluka m'nyumba zawo kudzaonerera. A Sitefano anaima patali manja ali kumbuyo. Agogo atatsika, mayi anagwada n'kuyamba kuthokoza, misozi ili mbwembwembwe, koma iwo anawadula.

"Usandithokoze. Ndikawasiya osakhoma, amalume akowa awatsitsa sabata isanathe." Anatembenukira kwa ine. "Iwe mkazi wanga, uziyang'anira. Wina akadzati tikupentereni, ukane."

Anapita ku Kaphuka patapita masiku ochepa, ndi njinga, chikwama ndi hamala yawo. Kumeneko anakhala m'kanyumba ka udzu ka mdzukulu wa mlongo wawo, ndipo anamwalira momwemo. Mayi anawapempha kangapo kuti abwerere, a Sitefano nawonso anatumiza mawu atafewa mtima, koma agogo anati kuitana kotereku kuli ndi chimene kwabisa.

Chimandiwawa n'chakuti a Nachisale anadikira kulira kwa hamala kuja moyo wawo wonse, ndipo kunabwera iwo atagona kale kumanda. Chimandiwawanso n'chakuti magazi a agogo ali mwa ine. Ndinakwatiwa ndi munthu wabwino wa kutali, amene anavomera kudzamanga kwathu kuno popanda kuwiringula. Tsiku lofolera nyumba yathu, iye ali pamwamba ndi mmisiri, ine ndinakana kupita kukaphika. Ndinaima pansi pa makwerero ndi mbale ya misomali, ndikumupatsira ndekha, maso ali pa dzanja lake kuti ndione ngati lizengereza. Anandifunsa akuseka kuti kodi ndikuopa kuti agwa. Ndinavomera kuti eya, ndipo sindinachoke pamenepo mpaka lata lomaliza litabooledwa.