Firiji yanga anaiona ndani?

Anzanga, chibadwire ine sinditha kusiya chinthu ndisanachimvetse. Chidwi chimenechi ndi chomwe chinandiphera chibwenzi.

Chalwe ndinakumana naye tsiku lomwe ndinkalowa m'chipinda changa cha lendi ku Mtendere. Ndinali pakhomo, matiresi pambali, ndikufuna kusaina pepala la landilodi.

"Ba sister, musaina chabe osabelenga?" anatero mnyamata wina, akumwetulira.

Anandisonyeza mzere umodzi ndi chala. "Apa bakamba ati bakafuna kukweza rent, bafunika kulemba kalata three months before. Vapakamwa musavomele."

Mwamuna wowerengera mkazi agreement! Ndinagwa nayo pomwepo.

Anayamba kubwera Loweruka lililonse ndikaweruka ku saluni. Ankafunsa chilichonse. "Mainess, iyi mbale unagula zingati? Ku salon bakulipila bwanji?" Ine n'kumati ndapeza wondisamala.

Mu May ndinagula kafiriji kakale. Ndinakalowetsa anthu onse a payadi ali kutchalitchi, n'kukabisa kuseri kwa katani. Alendi mukudziwa, landilodi akangomva fungo la nkhuku, lendi imakwera.

Sabata isanathe, kalata pansi pa chitseko. Lendi ikwera ndi K200 kuyambira September, chifukwa cha magetsi a firiji. Yolembedwa bwino, deti yake, miyezi itatu yokwana.

Koma landilodi wathu, bamake Given, amakhala ku Chilenje ndipo sanapondepo payadi chilowereni ine. Firiji anaiona bwanji? Ndinafunsa aneba, palibe wina amene analandira kalata. Ndinafika posuzumira pazenera langa ndili panja, kuti ndione ngati katani ikuonetsa. Sinkaonetsa.

Ndiye ndinatchera msampha. Aneba ndinawauza kuti ndikugula TV. Mnzanga wa ku saluni ndinamuuza kuti andikwezera malipiro. Chalwe ndinamuuza kuti ndiyamba kuluka anthu tsitsi pakhomo. Zonse zabodza, ndipo mumtima ndinkapemphera kuti ituluke ya TV.

Kalata yachiwiri inabwera... K150 ina, chifukwa makasitomala adzatha madzi.

Ndinakwera basi mpaka ku Chilenje.

"Ba mami, vamakasitoma munavimvela kuti?"

"Kuli Chalwe, mwana wa mulongosi wanga," anayankha osabisa n'komwe. "Ndiye amaniyanganila nyumba. Rent ikakwela, yapamwamba ya mwezi woyamba ni yake. Sanakuuze?"

Nditabwerera ndinamupeza Chalwe atakhala pakhonde langa, chipsi m'manja. Ndinamuponyera makalata onse awiri.

"Babe, ni business chabe," anatero. "Elo nenze fair, ninakupasa three months yonse. Benangu bamauziwa chabe pa first."

"Iwe notisi yako ni ya lelo. Nyamuka!"

Anachoka, n'kutenga ndi chipsi chomwe.

Anzanga, lendi yatsopanoyo sindingaikwanitse. Ndikufuna chipinda china, mwina ku Kalingalinga, ndipo firiji ndagulitsa kale kuti ndipeze ya dipoziti. Zikundipweteka, sindinama, chifukwa Chalwe ndinamukonda ndi mtima wonse.

Funso limodzi lokha ndi lomwe latsala, ndipo ili ndilibe msampha wake. Tsiku lija ankandimwetulira pakhomo, ankayang'ana ine kapena matiresi anga?