Mathero a Filimu Amene Ndinauza Peggy

Anzanga, Peggy ndinakumana naye pakhomo la holo ku Kasakula, m'ma 1980 muja. Ndinali mphunzitsi wachinyamata, ndipo galimoto ya kanema ikabwera ndinkaima pambali pa chinsalu n'kumamasulira Chingerezi.

Tsikulo filimu inali ya anthu okhala kudziko lina la kunyenyezi, olamulidwa ndi makina okalamba amene sankafa. Itangofika pokoma, chithunzi chinadumpha... basi yatha! Anthu anatuluka akung'ung'udza.

"Aphunzitsi, mwatipusitsa," anatero mtsikana wina atasenza dengu la kachewere. "Filimu imatha choncho?"

"Aidula akuluakulu oyang'anira mafilimu. Koma buku lake ndinaliwerenga ku koleji."

"Ndiye mundiuzetu!"

Ameneyo anali Peggy. Ndinkamuuza pang'onopang'ono dala, kuti mawa abwerenso. Tinkakhala pathanthwe kuseri kwa sukulu, iye akundiseka kuti ndimakometsera nkhani kuposa azungu eni ake. Ndinamukonda zedi. Amayi anga anamukondanso, amalume n'kuyamba kukamba za chinkhoswe.

Koma mathero ndinkawabisa. Masiku amenewo pakamwa pankamangitsa munthu.

"Kalebe, ngati uli serious ndi ine, maliza nkhani ija."

"Ulumbire kuti suuza munthu."

"Pali Mulungu, sindiuza."

Ndinanong'ona. "Anthu aja anatopa. Kamtsikana kena kanakwera n'kuzula chingwe cha makina aja. Dziko silinathe ayi, kunangocha ngati kale."

Anawomba m'manja, maso ali mbee.

Sabata isanathe, anyamata a chipani anandikoka m'kalasi ana akuona. Kumene ananditengerako, bambo wina anandibwerezera mawu anga onse, mpaka "kunangocha ngati kale".

"Tiuze, makina okalamba osafawo ndi ndani?"

"Bwana, ndi buku chabe..."

Anandiwomba mbama. Kenako chitseko chinatseguka, Peggy n'kulowa ndi alamu ake, amuna a achemwali ake, omwe anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu.

"Ndi ameneyu?" bambo uja anafunsa Peggy.

"Eee, ndi yemweyu. Ine ndinkangomvera."

Sanandiyang'ane n'komwe.

Ndinatuluka m'ndende patapita zaka. Ntchito inali itatha, amayi atamwalira, ndipo manda awo anachita kundilozera anthu.

Tsiku lina pamsika wa Ntchisi ndinamuona Peggy, mwana ali kumsana. Anafuna kuthawa koma panalibe polowera.

"Sorry, Kalebe. Ndinangouza achemwali okha. Nkhaniyo inandikomera kwambiri, ndinalephera kuisunga."

Ndinkayembekezera kuti anena kuti anamuopseza, kapena kuti ankadana nane. Mwina mtima ukanapeza pogwira. Koma ayi, moyo wanga unathera pa nkhani yocheza akutsuka mbale.

Ndinamuuza kuti apite bwino. Kunyumba ndinalira ngati mwana, ndipo sindinakwatire mpaka lero.

Anzanga, chinsinsi chimene chingakuphetseni musachipereke ngati mphatso ya chikondi. Wolandirayo sadziwa kulemera kwake.