Buku Limene Agogo Ankasuta

Mpaka lero fungo la fodya wopichira likandidutsa, ndimaona agogo anga aamuna atakhala pa chitini cha penti kuseri kwa nyumba yathu m'dera la Aerodrome, kunja kwa dziko lakwathu, magambuti awo akale a kumgodi atawayanika pampanda, akutsokomola ngati galimoto yokana kulira m'mawa. Fodyayo ankawatumizira mlamu wawo wa ku Matepatepa, koma mapepala opichirira ankang'amba m'buku lina lonenepa lopanda chikuto, limene anatola mzungu wa kumgodi akusamuka.

Ine ndinali mtsikana wa chidwi choipa, wosasiya kanthu kovundikira. Tsiku lina ndikusesa ndinalitsegula bukulo. Linali la alakatuli a ku Amereka: chithunzi cha munthu, mbiri yake yaifupi, kenako ndakatulo zake. Agogo anali atasuta kale pafupifupi theka.

"Agogo, mukusutatu anthu inu," ndinatero.

"Anthu ake ati? Tandiwerengera, muzukuru."

Chichewa changa chinali chotsimphina, chodzaza Chishona cha m'dziko limene tinkakhalalo, komabe ndinkawamasulira. Ndakatulozo ankangozimvera m'khutu limodzi. Iwo ankafuna eniake. Ankagwira ntchito yanji? Ana anali nawo angati? Nanga uyu wandevuyu, mkazi wake ankamupirira bwanji? Atamva kuti wina ankalima, wina ankasoka zovala, wina ankakhetsa thukuta m'fakitale, anazimitsa fodya wawo pamwala.

"Ndiye kuti sanali mabwana okhaokha?"

Kuyambira tsiku limenelo ankapichirira m'nyuzipepala.

Chinawagwira mtima kwambiri ndi zaka zolembedwa pansi pa dzina lililonse. Ndinawafotokozera kuti chaka choyamba n'chobadwa, chachiwiri n'chomwalira, ndipo amene ali ndi chaka chimodzi ndi kamzere chabe ndiye kuti akadali moyo. Kenako anaulula. Nawonso anali ndi mawu awo, amene ankapeka pansi pa nthaka potsatira kugunda kwa makina obowolera mwala. Kulemba sankadziwa. Fumbi la mumgodi linali litawadya mapapo, ndipo mantha awo anali akuti mawuwo adzakwiriridwa nawo limodzi.

"Kumapetoku kuli masamba oyera," anatero. "Undilembe pamenepo, pamodzi ndi anzangawa. Dzina, chaka, kamzere."

Chaka chobadwa tinakopera pachitupa, ngakhale iwo ankati kalaliki anangoyerekeza powayang'ana mano. Tinkalemba masana ndikaweruka kusukulu, iwo akunena n'kumapumira, ine ndikulakwitsa, iwo akundikalipira kuti, "Chimenecho n'Chishona, iwe, fufuta." Ananena za chikepe chotsikira pansi, za mnzawo amene mwala unamugwera, za mudzi wa ku Dedza umene sanauonenso. Mzere umodzi sunandichokebe m'mutu: "Dzuwa timalikoleka pakhomo la mgodi, tikalivala potuluka."

Tinamaliza ndakatulo zisanu ndi ziwiri. Yotsatira anangoiyamba, chifuwa chinakana.

Maliro atatha, amalume anga anaona tsambalo n'kundipatsa cholembera. "Malizitsa chaka chinacho, ndi mmene bukuli likuyendera."

Ndinakana, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda.

Bukulo ndili nalo mpaka pano, ndipo likununkhabe fodya. Alakatuli amene agogo anawasuta sindidzawadziwa, zimenezo zimandiseketsa ndikakhala ndekha. Koma patsamba lomaliza pali dzina, chaka chimodzi ndi kamzere. Ana anga akandifunsa ngati munthu ameneyo akadali moyo, ndimawauza kuti aime bwinobwino, awerenge mokweza, kenako adziyankhe okha.