Chule m'gitala ya amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 6, pamene ndinaika chule m'gitala ya amalume anga. Ndinene poyambirira pomwe kuti sindinapepese, ndipo mpaka lero, ndili Fomu 3, sindinapepesebe. Ku Thambani amandidziwa. Ndine Esinati uja anasoka miyendo ya buluku la mlongo wake tsiku la mayeso, uja anawaza chitedze pampando wa wolemba mayina a olongolola m'kalasi. Zonsezo ndinakwapulidwa nazo, ndipo ndikamalira ndinkaona kuti zinali zoyenera kulirira. Za chule zokha ndi zomwe palibe anandikhudza ngakhale ndi chala.

Amalume a Lusiyano, mlongo wawo wa amayi, anachoka kwathu ine ndisanabadwe. Anadutsa malire pa Zobue ali mnyamata, napita mpaka kunyanja yamchere, komwe anakhala zaka zambiri m'ngalawa ya matanga, ija yoyenda ndi mphepo, yonyamula mchere, kokonati ndi nsomba zouma. Sikuti ankangogwiramo ntchito ayi. Ankagona momwemo, kuphika momwemo, kudwala momwemo. Nyumba pamtunda analibe. Tsiku lomwe anabwerako anatsika matola pamsika ali ndi kachikwama kamodzi ndi gitala yokha, itakulungidwa m'thumba lomwe anasoka okha kuchokera ku nsalu yakale ya thanga. Thumbalo linali lolimba ngati chikopa ndipo linkanunkha nsomba.

Ankayenda atatangadza miyendo ngati nthaka iwatembenuka. Chichewa chawo chinali chitakhota, mawu atatu athu limodzi lachipwitikizi, ndipo anthu akaseka iwo ankangotseka pakamwa. Ndiye sankalankhula kwenikweni. Amayi anawapatsa kanyumba ka kuseri, komwe tinkasungiramo manachesi, ndipo mudzi wonse unawadziwira pa gitala ija. Cha m'ma 4 koloko ankakhala pakhonde n'kuyamba kudodola nsambo, nyimbo zopanda mawu, zokwera ndi kutsika pang'onopang'ono. Anthu obwera kudimba ankaima ndi makasu paphewa.

Chomwe chinkatidabwitsa si kuimbako koma zomwe ankachita akamaliza. Ankapukuta nsambo imodzi imodzi ndi kansalu kodontheza mafuta a kokonati, kuopa dzimbiri. Kenako ankazimasula zonse mpaka zitalenda. Gitala sankaitsamiritsa kukhoma. Ankaipachika ndi chingwe pamtanda wa denga, ati m'ngalawa chotsamira chimagwa koma cholendewera chimangovina. Ndipo m'mimba mwake, kudzera pabowo paja, ankaikamo sokosi yodzaza mpunga. Loweruka lililonse ankautulutsa mpungawo, kuuyanika palichero, n'kuubwezeramo.

Ndinawafunsa tsiku lina. "Amalume, mpungawu ngwachiyani?"

"Umamwa chinyezi, menina. Viola amaopa madzi kuposa moto."

Menina ndinali ineyo, viola inali gitala.

"Koma kuno kulibe nyanja."

"Iyeyu sakudziwa zimenezo," anatero, akumanga thumba.

A Nachisale, oyandikana nafe, okazinga zitumbuwa pamsika, anali ndi yankho lawolawo. Anawaona amalume akulowetsa sokosi ija, ndipo pofika madzulo nkhani inali itafika kuchigayo.

"Munaona kuti gitala ikudya mpunga? Ife anthu ndi mpunga timaonana pa Khirisimasi, koma cha m'katimo Loweruka lililonse. Mwati zala zokha zingalize chonchija? Muli kanthu m'menemuja. Anabwera nako kuchokera m'madzi."

Anthu sanasiye kubwera kudzamvera, koma anayamba kukhala chapatali, pansi pa mtengo wa manachesi, ana atawagwira pamkono. Ine ndinkadziwa kuti ndi bodza, chifukwa ndinali nditapisamo kale dzanja mpaka m'chigongono n'kupezamo sokosi yokha basi. Koma nkhani yokoma chonchi inandimvetsa chisoni kuti ingotha yopanda mwini wake. Ndinaganiza zowapatsa a Nachisale kanthu kawo kaja.

Unali mwezi wa Juni, manachesi atapsa, mphepo ikusweka milomo. Lachinayi amalume anaperekeza amayi ku boma ndi madengu, kukagulitsa kwa a mathiraki opita kumalire, ati abwerako Lachisanu. Ine nditaweruka kusukulu ndinapita kuchitsime cha kudimba ndi kugwira chule wamkulu, wa zotupatupa pamsana, wodzaza manja awiri. Ndinatsitsa thumba, ndinamasula, ndinamulowetsa pakati pa nsambo zolenda zija. Anakana pang'ono, koma analowa.

Nditasuzumira ndinaona kuti m'katimo ndi mouma kwambiri, mukununkha fumbi la thabwa. Chule pamalo ouma amafa, ndipo chule wakufa saseketsa. Ndiye ndinatulutsa sokosi ya mpunga, ndinang'amba chitenje chakale cha amayi, ndinachiviika m'ndowa, n'kuchikankhira m'kati chikudontha, mpaka pansi pa kathabwa kaja kamene nsambo zimamangidwapo pamimba pa gitala. Ndinamanga thumba n'kulipachika monga linalili.

Lachisanu sanabwere, manachesi anali asanathe. Loweruka sanabwerenso. M'mawa wa masiku awiriwo ndinkatsitsa thumba, kuthiramo theka la kapu ya madzi, ndi kuponyamo ziwala ziwiri zothyola miyendo. Sindinasamalirepo chamoyo chilichonse monga ndinamusamalira chule ameneyo.

Anabwera Lamulungu masana. Anthu atachoka kutchalitchi anasonkhana pansi pa mtengo paja, a Nachisale ali kutsogolo ndi lichero la zitumbuwa zotsala. Amalume anatuluka ndi thumba, ndipo ndinaona akuliyesa kulemera ndi dzanja, nkhope itakwinyika pang'ono. Anakhala pakhonde, anamasula, anatulutsa gitala n'kuiika pamwendo.

Chule anatulukira pabowo ngati ndinachita kumuphunzitsa. Anayamba mutu, kenako manja, nakhala pamenepo pakati pa nsambo akupukusa khosi, akuyang'ana gulu. Ndiye anadumpha kawiri, ulendo wachitatu anatera pachitenje cha a Nachisale.

"Mayo ine! Chatuluka! Ndinanena ine! Chandisankha!"

Lichero linapita kumwamba, zitumbuwa zinagwa ngati matalala. A Nachisale, amene ankati mawondo awo salola ngakhale kugwada m'tchalitchi, analumpha mpanda wa khola la mbuzi osaukhudza. Amayi ena anathawa ndi mwana wa eni ake. Mkulu wina wa kwaya anabisala kuseri kwa nkhokwe akuimba. Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi, mimba kuwawa, misozi mbwembwembwe. Ndinganame ndikati sizinakome. Zinakoma kwabasi.

Nditapukuta misozi ndinaona amalume atapendeketsa gitala. Madzi abulawuni ankatuluka pabowo, akutsikira pabuluku lawo. Analowetsa zala ziwiri n'kukoka nsanza ija pang'onopang'ono. Amayi anachizindikira chitenje chawo. Anandiyang'ana kamodzi, napita kukathyola nthambi ya mtengo wa pichesi.

"Musiyeni, achemwali," anatero amalume osadzutsa mutu.

"Achimwene, mwana ameneyu akapanda kumva kuwawa..."

"Musiyeni."

Ankasisita mimba ya gitala ndi chikhatho. Pansi pa kathabwa kaja panali patatupa, thabwa litachita mawanga otuwa. Anandikodola. Ndinapita ndikuyembekeza khofi, ndipo kunena zoona ndinkalifuna, chifukwa khofi limatseka nkhani.

"Nsanza yonyowa, menina. Chifukwa chiyani?"

"Kuti chule asafe, amalume."

"Madzi unathira kangati?"

"Kawiri."

Anagwedeza mutu ngati ndakhoza funso la masamu.

"Unamuganizira chule," anatero. Munalibe mkwiyo m'mawu awo, ndipo sindikukhulupirira kuti ankandinyoza. Ankangonena zomwe zinachitika. Patapita kanthawi anawonjeza: "M'ngalawa mafunde analowa kambirimbiri. Ndinkagona chafufumimba, iyeyu ali pansi pa chifuwa. Ine kunyowa msana. Iye ayi."

Analowa m'kanyumba kawo, ndipo ine ndinatsala pakhonde ndikuyang'ana nkhuku zikulimbirana zitumbuwa.

Gitala sanaiyanike padzuwa, anauza amayi kuti dzuwa lingaing'ambe. Anaidzaza mpunga wouma, anaipachika pamthunzi pomwe pankapita kamphepo, ndipo m'mawa uliwonse ankasintha mpungawo. Zinatenga masabata awiri. Pakhomo panali zii. Ikakwana 4 koloko anthu ochokera kudimba ankachepetsa liwiro pafupi ndi kwathu, kenako n'kupitirira.

Kusukulu ndinali mfumukazi. Ndinkafotokoza nkhani ya a Nachisale pa buleki iliyonse, ndikudumpha monga anadumphira, anzanga akugubuduka pansi. Ndikabwera kunyumba ndinkadya bwinobwino, kutsuka mbale, kugona tulo tabwino. Ndinkadikira kuti mwina ndimva chisoni, kapena mantha, kapena manyazi, koma sikunabwere chilichonse. Mumtima munangochita dzanzi, monga umachitira mwendo ukaukhalira nthawi yaitali: ukuuona kuti ndi wako, ukuutsina, koma osamva kanthu.

Loweruka lachiwiri m'mawa, amayi atapita kumsika, amalume anandiitana.

"Menina, bwera. Gwira apa."

Anandigwiritsa kumunsi kwa gitala kuti isasunthe, iwo n'kuyamba kumanga nsambo. Ankapotoza pang'ono, kuima, kuika khutu pafupi ndi thabwa, kupotozanso. Nsambo yoyamba inalira. Yachiwiri inalira. Yachitatu inalira mosasa, koma inalira, ndipo ndinaona phazi lawo likuyamba kugunda pansi. Yachinayi inakwera bwinobwino. Ali pa yachisanu ndinamva gitala ikunjenjemera m'manja mwanga, kenako kaphokoso kakang'ono, thwa, ngati munthu wathyola bisiketi.

Kathabwa kaja kanadzuka konse, kakutenga ndi khungu la gitala lomwe. Nsambo zinapindika m'mwamba, kathabwako kakulendewera kumapeto kwake. Pamimba panatsala bala loyera, lalitali ngati chikhatho changa, ndi mng'alu wopita mpaka pabowo.

Tinakhala choncho. Ine ndinali ndikugwirabe kumunsi, chifukwa sanandiuze kuti ndisiye. Kunja mbuzi inkalira. Ndikukumbukira kuti ndinkawerenga nyerere zomwe zinkakwera mwendo wa mpando, ndipo zinali zisanu ndi ziwiri.

"Pronto, basi," anatero amalume. "Viola watopa."

Kalipentala wa pamsika anabwera yekha atamva, ndi botolo la guluu wa mipando ndi misomali iwiri. Amalume anamuthokoza, anamupatsa manachesi, n'kumuperekeza mpaka pamsewu. Anakhala nafe mwezi winanso umodzi. Nthawi yoimba ikakwana ankakhalabe pakhonde, manja pamawondo, zala za kumanzere zikuyendayenda pabuluku. Munthu akawapatsa moni ankayankha ndi mutu. A Nachisale anayamba kuuza anthu kuti kanthu kaja katachoka, mwini wake nayenso wauma, ndipo panalibe wowatsutsa.

Kenako anauza amayi kuti ku Tete kuli munthu wodziwa kukonza ma viola. Tinawaperekeza kumsika, ine nditanyamula kachikwama, iwo thumba. Matola atadzaza, anakwera kumbuyo n'kukhala pa thumba la chimanga, gitala ili pakati pa miyendo. Dalaivala akuliza injini, amalume anawerama n'kundifunsa:

"Chule uja ali moyo?"

"Kaya, amalume. Anathawira kudimba."

"Bom, chabwino," anatero. Galimoto inanyamuka.

Papita zaka zinayi. Anaimbapo foni kamodzi kwa amayi, mphepo ikuwomba kwambiri kumene analiko moti mawu ankaduka. Za gitala sananene, ndipo amayi sanafunse.

Ine sindinasinthe, musadzinamize. Teremu yathayi ndinaika dzira lovunda m'chikwama cha mnyamata wina wodzimva, ndipo ndikanakhala ndi awiri ndikanaika onse. Amayi amati ndilibe mtima. Mwina akunena zoona, chifukwa dzanzi lija silinathe, ndipo kupepesa ndi pakamwa pokha ndimaona ngati kunama kwina.

Koma pali chomwe ndikudziwa tsopano chomwe sindinkadziwa ndili Sitandade 6. Tonse tinkaganiza kuti amalume anatsika m'ngalawa n'kubwera kwawo. Sanatsike. Tinawapatsa kanyumba, mphasa ndi mbale, koma iwo ankakhala m'gitala muja, ndipo mudzi wathu ankangouona ali m'menemo, ukudutsa ngati gombe. Nyanja inayesa zaka zonse zija kuwamiza n'kulephera. Ine ndinakwanitsa ndi nsanza ndi kapu imodzi ya madzi, ndili kalikiliki kusamalira chule.

Nkhaniyi ndimaifotokozabe anzanga akaipempha, ndipo amaipempha kawirikawiri. Ndikafika pamene a Nachisale akulumpha khola, onse amagwa ndi phwete, ine n'kuseka nawo. Palibe anafunsapo kuti nanga gitala inatani.