Tsiku Limene Ndinauza Kompyuta Njira

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5, koma pa ofesi yolembetsa maukonde ndi mabwato kufupi ndi Ngala, munthu wodziwa pamene pali fayilo iliyonse ndinali ine. Pa pepala ndinali mesenjala. Bwana akangoti, “Madala, fayilo ya ujeni,” ndinkalowa m'kachipinda ka makabati, n'kutuluka nayo tiyi wawo asanazizire. Nthawi zina ndinkachedwa dala, kuti adziwe kuti ntchitoyo ndi yolemetsa.

Zipani zitangochuluka, zinthu zatsopano zinkabwera ngati usipa wa mwezi wamdima. Kwathu kunabwera kompyuta. Anaifunditsa nsalu yabwino kuposa malaya anga. Mayi wotayipa anatha miyezi itatu akulowetsamo mayina a m'mafayilo anga onse, ndipo ine ndemwe ndinkamutengera, ngati mbuzi yonyamula chingwe chake.

Atamaliza anandiitana. “Madala, bwerani muone mnzanu.” Anatsegula kabokosi kofufuzira, n'kulembamo dzina la msodzi wina. Ndisanameze n'komwe malovu, fayilo ija inali pagalasi.

“Nanga tiyi amatha kuphika?” ndinafunsa.

Onse anaseka, koma bwana anandiitanira pambali. Akulikulu anali atalamula kuti mwezi ukatha mesenjala apume, popeza makina akufufuza okha. Kunyumba sindinanene. Akazi anga akanayamba kundiwerengera mizere ya chinangwa yoti ndikalime.

Kutatsala masiku anayi, Lachisanu m'mawa, kunabwera mayi wina wa kugombe, atafunda mpango bwinobwino. Amuna awo anali atagona ndi malungo. Chiphaso cha chilimira chawo, khoka lalikulu lija la usipa, chinanyowa ndi mwera n'kusanduka phala, ndiye ankafuna china.

“Dzina la amuna anu?” anafunsa wotayipa, zala zili chire.

Mayi aja anayang'ana pansi. “Ndi bambo a kunyumba.”

“Eya, koma dzina lawo?”

“Iii, achemwali, ine nditchule dzina lawo? Pagulu pano?”

Wotayipa uja anakulira m'tauni. Sankadziwa kuti mayi woleredwa bwino kwathu kuno satchula dzina la mwamuna wake, ngakhale mutamuopseza ndi apolisi. Mayi aja anatchula dzina la mwana wawo woyamba, kuti amunawo ndi bambo a ameneyo. Kompyuta inafufuza, n'kuyankha kuti palibe. Anatchula chiwongo chawo. Apo ndiye inakhuthula mayina odzaza galasi lonse, theka la gombe, chifukwa kumeneko aliyense ndi wachibale wa mnzake.

Ine ndinali pakona ndi tsache, ndikusesa malo amene ndinali nditasesa kale.

Bwana anatuluka, nayenso n'kuyesa. Anapempha mayi aja kuti alembe dzinalo papepala, koma iwo sankadziwa kulemba. Anatuma munthu kukafunsa ku sitolo yapafupi, dzina linabwera, analilemba mosamala. Palibe. Bwana anayamba kutuluka thukuta, akugwedeza kambewa ka kompyuta kaja ngati kalakwa ndi iko.

“Madala,” anatero potsiriza, osandiyang'ana, “mukuwadziwa amenewa?”

“Ine, bwana? Ine ndi wopuma. Funsani mnzangayo, ndi wophunzira.”

“Madala, chonde.”

Ndinatsamiritsa tsache kukhoma pang'onopang'ono. Ndinawauza kuti khokalo silinalembedwe m'dzina la amunawo. Linali la amalume a amunawo, amene anamwalira chaka cha voti ya zipani zambiri ija, ndipo mwa mwambo wathu linagwera mphwawo, amuna a mayi ajawo. Amalumewo nawonso sanalembetse ndi dzina la kumzikiti limene aliyense ankawaitanira. Analembetsa ndi dzina limene mphunzitsi wa mishoni anawapatsa ali mwana. Ndinkadziwa chifukwa tinkakhala benchi imodzi, ndipo onse awiri tinalephera limodzi.

Ndinanong'oneza wotayipa dzinalo. Analemba, n'kudina. Fayilo imodzi yokha, mbee, pagalasi!

Mayi aja anaomba m'manja mwaulemu. “Alhamdulillah. Makinawa ndi anzeru ndithu.”

Mwamva? Makina! Ine wonena dzina ndili chiimire pomwepo.

Kunena zoona, liwiro lake linandigometsa. Fayilo imeneyo ine ndikanaisaka mpaka anthu atatuluka ku mapemphero a Juma kumzikiti, chifukwa inali pansi pa mulu umene chiswe chinayamba kale kuulawa. Koma chinthucho chinali ngati galu wosaka: kuthamanga amathamanga, koma umayamba wamununkhizitsa.

Masana omwewo bwana analemba kalata yopita kulikulu, yonena kuti ofesi singayende popanda “wothandizira kufufuza”. Anaitayipa pa kompyuta yomweyo, ndipo sinakane. Ndinakhalanso zaka zisanu ndi chimodzi. Wotayipa uja anandiphunzitsa kulemba m'kabokosi kaja ndi chala chimodzi, ine n'kumuphunzitsa kuti asamafunse mayi dzina la mwamuna wake, azifunsa kuti khoka linali la yani poyamba.

Tsiku lina ndili ndekha ndinalembamo dzina langa, kuti ndione zimene inkandidziwa. Inatulutsa makalata awiri: yondichotsa ntchito ndi yondibweza. Yoyambayo ndinafunsa wotayipa kuti amafufuta bwanji. Anakana kundiphunzitsa.